Mutu 7: Kachubu Kamodzi, Milomo Makumi Awiri

1. Mankhwala m'sokosi

Pasukulu yonse panalibe mtsikana wothamanga kuposa iye, n'chifukwa chake anzake anangomupatsa dzina lakuti Liwiro. Dzinalo linamukhala moti aphunzitsi ena ankaliyesa la makolo. Anali m'Fomu 3, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula.

Koma Liwiro anali ndi chinthu chimene sankafuna kuti munthu achidziwe. Pansi pa chikwama chake cha mabuku panali sokosi yakale yotuwa. M'sokosimo munali kabotolo ka buluu ka mankhwala opopera m'kamwa, kamene ambiri amangoti inhela. Mphumu inamuyamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Asanapite kukathamanga ankalowa m'chimbudzi cha atsikana, n'kutseka chitseko, n'kupopera kawiri. Mankhwalawo ankalowa pamodzi ndi fungo la m'chimbudzimo. Iye ankapirira, bola asaonedwe.

Amene ankamubisitsa matendawo anali aphunzitsi a zamasewero. Ana ankawatchula mwakabisira kuti a Bwerezanso, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Ukathamanga bwino, bwerezanso. Ukagwa n'kusupuka bondo, bwerezanso. Anali bambo wa thupi, woyenda ndi kamtengo kotokosera mano pakamwa nthawi zonse. Tsiku loyamba la chaka anauziratu timu kuti iwo sayendetsa chipatala. Aliyense wa kachifuwa, wa kamutu kapena wa kamwendo apite akaimbe kwaya.

Amayi ake a Liwiro anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi kwawo. Tsiku lina akusoka lamba wa chikwama cha mwana wawo anaipeza sokosi ija. Anaimitsa makina n'kumuitana.

"Mwanawe, mankhwala si katundu wakuba woti azikhala m'sokosi. Ine ndinakuberekapo kumsana kuthamanga nawe kuchipatala milomo itada, ndiye ndikudziwa chimene matenda awa amachita. Tsiku limene chifuwa chidzakutsekere pabwalo, anzako adzayamba kukukupiza ndi kukuthira madzi, osadziwa kuti chokupulumutsa chili m'chikwama chimene akuchipondacho. Munthu ukabisa matenda, amakuulula ndi maliro. Uwauze aphunzitsi akowo. Akafuna kukuchotsa akuchotse. Miyendoyo ndi yako, sadzapita nayo kwawo."

Liwiro anayankha kuti adzawauza mpikisano wa masukulu ukadzatha. Amayi ake anangopukusa mutu n'kuyambiranso kupalasa makina.

2. Zimene ananena anamwino

Kutatsala masabata atatu kuti mpikisanowo uchitike, Liwiro anapita kuchipatala kukayezedwa mapapo monga ankachitira kawiri pachaka. Anamwino a kumeneko anali mayi wa imvi, wa magalasi olendewera pachingwe. Anang'amba kapepala, n'kutulutsa kachubu katsopano, n'kukalumikiza ku makina. Anamupana mphuno, n'kumuuza kuti akoke mpweya wonse umene angathe, kenako auzire mwamphamvu mpaka m'chifuwa muthe.

Ulendo woyamba nambala inali yabwino. Wachiwiri inatsika pang'ono. Wachitatu inatsikanso. Pa ulendo wachinayi anamwino anamulanda kachubuko. Liwiro, pozolowera za a Bwerezanso, anapempha kuti ayeserenso kuti nambala ikwere.

"Khala pansi, usapikisane ndi makina," anatero anamwino. "Undimvetsetse, chifukwa tsiku lina udzayezedwa ndi munthu wina wosakudziwa. M'mapapo mwako muli tinjira ta mpweya tambirimbiri, ting'onoting'ono. Kwa munthu wopanda mphumu, kukoka mpweya wambiri kumatitsegula tinjirato. Koma kwa ena mwa inu a mphumu zimatembenuka. Ukadzaza chifuwa n'kutulutsa mpweya mwamphamvu, n'kubwereza, n'kubwerezanso osapumula, tinjirato timanyanyuka n'kuyamba kufinyika. Ndiye ukaona nambala ikutsika ulendo uliwonse, si ulesi ayi. N'chifuwa chikukuuza kuti chikutseka. Pamenepo timaleka, timapereka mankhwala, timadikira. Ife pa makina aakuluwa sitipitirira kasanu n'katatu ngakhale zikuyenda bwino, ndipo timamupumitsa munthu pakati. Pa kachipangizo kouzira ka m'manja, katatu n'kokwana. Wina akadzakuuza kuti uzingouzira mpaka nambala ikwere, umukanire, kaya ndi wamkulu bwanji."

Liwiro anafunsa ngati mphumu ingamuletse kuthamanga. Anamwino anaseka n'kumuuza kuti amene amamwa mankhwala mwa dongosolo amathamanga ngati wina aliyense, ndipo ena amapambana ndithu.

Potuluka, pabenchi la odwala anaona nkhope yoidziwa. Anali mtsikana wamng'ono thupi wa m'Fomu 1, amene ana pasukulu ankamutcha Wenzulo chifukwa chifuwa chake chinkalira kukazizira. Ankati akamadutsa, ena ankaimba mluzu kumbuyo kwake. Liwiro naye anali atasekapo nawo kangapo.

Mtsikanayo anamwetulira n'kumuonetsa inhela yake, ya buluu ngati ya Liwiro. "Achemwali, kani nanunso?"

Liwiro anamugwira dzanja mwamphamvu n'kumuuza kuti sanaonane, ndipo nkhaniyi ikakangomveka kusukulu adzadziwanso. Kumwetulira kuja kunazima. Wenzulo anagwedeza mutu n'kubweza inhela m'thumba.

3. M'chipinda cha mipira

Tsiku losankha timu kunagwa mvula, choncho a Bwerezanso anasonkhanitsa atsikana m'chipinda chosungiramo zipangizo za masewero. Munali mipira yophwa, maukonde ong'ambika ndi matiresi olumphirapo amene sanawombedwepo ndi dzuwa. Pakona panali mulu wa majezi osachapa. Ndowe za makoswe zinali mbwee pansi, ndipo munthu akakhala pa matiresi fumbi linkachita kufuka.

Atsikana analipo makumi awiri, koma malo m'basi anali khumi ndi awiri okha. Aphunzitsi anatulutsa kachipangizo ka pulasitiki kokhala ndi manambala m'mbali ndi kamuvi koyenda munthu akauzira. Anati anakatenga kwa alamu awo ogulitsa mankhwala, ndipo chaka chino sasankha ndi maso koma ndi sayansi. Aliyense wosafika pa 350 atsala.

Kachubu kouzirapo kanali ka katoni, ndipo kanali kamodzi. Kachiwiri anati akusungira anyamata mawa.

Oyamba anauzira akuseka. Pofika pa mtsikana wachisanu ndi chiwiri, kachubu kaja kanali katanyowa n'kufewa. M'mphepete mwake munali zidindo za mano ndi kufiira kwa mafuta opaka milomo. Wina atakachotsa pakamwa, ulusi wa malovu unatamuka kuchokera pamlomo wake mpaka unaduka n'kugwera pa nsapato ya aphunzitsi.

Wachikhumi anali Kaputeni wa timu, mnzake wa Liwiro wa pamtima, amene sabata yonseyo ankavutika ndi chimfine. Anauzira, chifuwa n'kumutsamwa, n'kutsokomolera momwemo. Aphunzitsi anasuzumira m'kachubumo, anakakutumula kawiri, n'kukapukutira pa buluku lawo.

Mtsikana wotsatira anabweza manja kumbuyo n'kupempha kuti mwina akatsukeko. A Bwerezanso anamufunsa ngati katoni amachapa. Anati malovu sanaphepo munthu, ndipo amene akudziona kuti ndi mwana wa bwana chitseko chili apo. Mtsikanayo anatsinzina n'kuuzira.

Liwiro anali wa nambala 14. Anali atapopera kale mankhwala ake kuchimbudzi, choncho chifuwa chinali chomasuka. Koma atagwira kachubuko anamva kutentha kwa mkamwa mwa anthu ena. Anayesa kukapukuta ndi m'munsi mwa jezi, katoni n'kuyamba kunyenyeka. Anadziwa bwino lomwe kuti anamwino aja ataona zimenezi akhoza kugwetsa magalasi. Komabe anaganiza za basi, n'kukaika pakamwa.

Kanali ka mchere. Kachidutswa ka katoni yonyowa kanamatirira palilime lake. Anauzira kamodzi, kamuvi n'kukaima pa 430.

"Mwaona? Awa ndiye mapapo a munthu wopanda matenda," anatero aphunzitsi akuzungulitsa kachipangizoko kuti onse aone.

Liwiro anapita pawindo n'kulavula katatu, koma mchere uja sunachoke.

4. Bwerezanso

Womaliza anali Wenzulo. Ngakhale anali wamng'ono, pa kulumpha ndodo panalibe womuposa, ndipo malo m'basi ankawafuna ndi mtima wonse. Kwa aphunzitsi ankangoti kulira kwa chifuwa chake n'chimfine. Analandira kachubu kamene tsopano kanali ngati chinthu chotafunidwa kale, n'kuuzira.

Kamuvi kanaima pa 340. Aphunzitsi anati kwangotsala pang'ono, abwerezenso. Anauzira, n'kupeza 320. Anabwerezanso, 300.

Wenzulo anapempha kuti apumeko kaye. A Bwerezanso anati kumpikisano kulibe kupumula, ndipo ngati wafika pa 340 koyamba ndiye kuti enawo akuchitira dala. Anamubwezera kachubu pakamwa ndi dzanja lawo.

Ulendo wachinayi, 270. Wachisanu, 240. Tsopano chifuwa chake chinali chitayamba kulira moti onse ankamva. Wina kumbuyo anaimba mluzu motsanzira, chipinda chonse n'kufa nacho chiseko. Atsikana anayamba kuwerengera limodzi maulendowo ngati nyimbo, ena akuwomba m'manja.

Liwiro sanaseke. Ankaona mapewa a mwanayo akukwera ndi kutsika, ndiponso kadzenje ka pansi pa khosi kakulowa m'kati akamakoka mpweya. Zizindikiro zimenezo ankazidziwa ngati dzina lake. Mawu a anamwino anali m'makutu mwake onse, osasowapo ndi limodzi lomwe. Koma anakhala chete, maso ali pa mulu wa majezi.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri kamuvi sikanafike ndi pa 200 pomwe. Wenzulo anapapasa thumba la siketi yake, n'kupeza mulibe kanthu. Ananong'ona modukizadukiza kuti chikwama chake chili m'kalasi. Wina anayankha kuti makalasi akhoma kale.

Pamenepo anayang'ana Liwiro. Sanamutchule dzina, sanaloze chikwama chake. Ankasunga lonjezo la pabenchi lija ngakhale mpweya ukumuthera.

"Undiwonongera nthawi iwe. Bwerezanso," anatero aphunzitsi.

Anauzira kachisanu ndi chitatu. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi kachipangizo kanagwa m'manja mwake, iye n'kugwada pa matiresi, fumbi n'kubuka. Milomo yake inali itayamba kuda. Kulira kwa m'chifuwa kuja kunachepa, ndipo ena anayesa kuti wayamba kupeza bwino. Liwiro yekha ndi amene ankadziwa kuti mpweya wolizira chifuwacho ndi umene ukutha.

Aphunzitsi analamula kuti amugoneke chagada ndipo wina akatunge madzi amuthire kumaso. Anati zokomoka zonamizira anaziona zambiri.

5. Chikwama chikhuthulidwa

Liwiro anatola chikwama chake n'kuchikhuthulira pansi. Mabuku, zolembera ndi sokosi yotuwa ija zinagwera pakati pa ndowe za makoswe. Anatulutsa inhela anthu onse akuona.

Anakankha atsikana awiri amene ankafuna kumugoneka mwanayo. Anamukweza m'khwapa n'kutuluka naye pakhonde, kutali ndi fumbi. Kumeneko anamukhazika tsonga, atatsamira pa mawondo ake. Anamuonetsa kabotoloko n'kumufunsa ngati ndi mankhwala omwe aja amene anamuonetsa kuchipatala. Wenzulo anagwedeza mutu.

Anakhutchumula kabotolo, n'kupopera kamodzi, n'kumuuza kuti akoke pang'onopang'ono. Anadikira, n'kupoperanso. Ali mkati mochita zimenezi anauza Kaputeni kuti athamangire ku ofesi akanene kuti pakufunika galimoto yopita kuchipatala. Kaputeni anayang'ana aphunzitsi kaye, kenako anathamanga.

Atapopera kachisanu ndi chimodzi, chifuwa chinayambanso kulira, ndipo mapewa anatsikako pang'ono. A Bwerezanso anaima pakhomo, kamtengo kali pakamwa, n'kufunsa kuti mankhwalawo ndi a yani.

"Ndi anga, aphunzitsi. Ndili ndi mphumu. Ndakhala nayo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo makapu onse amene ndinakubweretserani ndinawina ndili nayo."

Liwiro anapitiriza, mawu ake ali pansi. Anawafotokozera zimene ananena anamwino: kuti munthu wa mphumu akamauzira mobwerezabwereza tinjira ta mpweya timatha kufinyika, kuti nambala ikamatsika amayenera kuleka, ndiponso kuti kachubu n'ka munthu mmodzi. Ananenanso kuti iye anazidziwa zimenezi kuyambira pa ulendo wachitatu, koma anakhala chete chifukwa ankafuna malo m'basi.

Achiwiri kwa ahedi anafika ndi galimoto yawo. Sanafunse zambiri. Anamunyamula Wenzulo n'kumukhazika kutsogolo, n'kutenganso inhela ija kuti azimupopera panjira.

Galimoto itangotuluka pageti, a Bwerezanso anabweza atsikana onse m'chipinda muja n'kutseka chitseko. Anatola kachubu konyowa kaja n'kukaponya m'thumba la buluku lawo. Kenako anawauza kuti mwanayo anauzira katatu kokha monga mwa malamulo, ndipo aliyense amene anawerenga mosiyana aiwale za basi chaka chino ndi chamawa chomwe.

Atatero anatembenukira kwa Liwiro. Anamutcha wabodza amene wakhala akunyenga sukulu, ndipo anati kuyambira tsiku limenelo salinso m'timu. Anawonjezera kuti kupatsa mwana wa eni mankhwala ako ndi mlandu, ndipo zikakavuta kuchipatalako aliyense adziwa chimene chamupweteka mwanayo.

Liwiro anayang'ana anzake mmodzimmodzi. Onse anali atazolika. Pamene ankatola mabuku ake pansi, mtsikana wina anasuntha botolo lake la madzi n'kunong'oneza mnzake kuti kodi mphumu sipatsirana. Anali yemwe uja amene anauzira pambuyo pa chifuwa cha Kaputeni.

Liwiro anatuluka, anazungulira kuseri kwa chipindacho, n'kusanza zonse zimene anadya masana.

6. Mlendo pakhonde la telala

Mvula inali itakata pamene anafika pakhonde la amayi ake. Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kufotokoza zonse, osabisa ngakhale za pabenchi la kuchipatala. Amayi ake anamvetsera akuchotsa ulusi pa diresi la munthu. Atamaliza anamupatsa madzi kuti achukuche m'kamwa. Anamuuza kuti wachita bwino, koma wachedwa ndi maulendo asanu ndi limodzi, ndipo zimenezo adzayenera kukazinena yekha pamaso pa mwanayo.

Liwiro asanayankhe, njinga inaima pafupi ndi khonde. Anatsika bambo wina wovala ovolosi yobookabooka ndi moto, magalasi akuda owotcherera zitsulo ali pamphumi. Anapereka moni mwaulemu koma mpando anaukana. Anati iye ndi bambo wake wa mtsikana wa m'Fomu 1 uja, ndipo akuchokera kuchipatala. Mwana amugoneka, ali pa mpweya wa m'botolo, ndipo madokotala amuletsa kulankhula.

"Ndani wapatsa mwana wanga mankhwala?"

Liwiro anaimirira. "Ndine, bambo."

Bamboyo anafotokoza kuti aphunzitsi a zamasewero anamuimbira foni. Akuti mwanayo anauzira katatu kokha ali bwinobwino, ndipo anagwa atapoperedwa mankhwala a munthu wina. Liwiro anati si zoona, anauzira kasanu n'kanayi, ndipo anagwa mankhwala asanatuluke m'chikwama.

"Mwana wanga, ine ndimagwira ntchito ndi zitsulo, za mapapo sindizidziwa," anatero bamboyo. "Koma pobwera kuno ndakumana ndi atsikana atatu a timu yanu, ndipo ndawafunsa mmodzimmodzi. Onse akuti katatu. Ahedi atiitana mawa 8 koloko, ine, aphunzitsiwo, iwe ndi mayi akowa. Sindikufuna kupachika mlandu pa mwana wosalakwa, komanso sindingasiye amene wafuna kundiphera mwana. Ngati ukunena zoona, undipezere mtsikana mmodzi yekha amene adzaime pamaso pa aphunzitsi akewo n'kunena kuti kasanu n'kanayi."

Anakwera njinga yake n'kubwerera kuchipatala.

Amayi ake a Liwiro anavundikira makina ndi nsalu ngakhale dzuwa linali likadalipo. Anafunsa mwana wawo kuti mwa atsikana khumi ndi asanu ndi atatu otsalawo, ayambire kwa ndani. Liwiro anati Kaputeni, koma mawu ake sanamveke ngati a munthu wotsimikiza. Kaputeni anali m'Fomu 4, ndipo mpikisano umenewu unali wake womaliza.

"Manga zingwe za nsapatozo," anatero amayi ake akukhoma bokosi la ulusi. "Tikamupeze Kaputeniyo aphunzitsiwo asanatiyambirire kufika."